Mmene ndinapangira pulojekiti ya quantum spin liquid pa laputopu ya 4GB ku Zomba kuno

Ikafika nyengo yosankha mitu ya pulojekiti ya chaka chomaliza, sipalephera kupezeka mmodzi wa ana a fizikisi amene ali m'mbuyo mwathu ondifunsa kuti kodi zija munapanga inu za quantum spin liquid zinatheka bwanji poti zida zoyezera zinthu zimenezo kuno kulibe. Nde ndati ndingolemba kamodzi zonse, amene akufuna atolepo. Zimatheka, koma mutuwo muudule ukhale saizi ya laputopu yanu ndi nthawi yanu, komanso mudziwiretu zomwe simudzatha kunena pamapeto.

Ndiyambe ndi nkhani yakeyo mwachidule chifukwa ambiri amangokopeka ndi dzinalo osadziwa kuti mkatimo muli chani. Elekitironi iliyonse ili ndi kamaginito kake kakang'ono, ndiko timati spin. Mu chitsulo ma spin amagwirizana kuloza mbali imodzi, nchifukwa chake chitsulo chimatha kusanduka maginito, koma mukachiotcha kupitilira 770 digiri mgwirizanowo umabalalika. Mu zinthu zina ngati MnO zimakhala zosemphana, spin iliyonse imafuna kuloza kosiyana ndi yoyandikana nayo, iyi mmwamba iyi pansi iyi mmwamba, ndipo chinthucho chikazizira mokwanira onse amakhazikika mu ndondomeko imeneyo. Louis Néel ndi amene analongosola zimenezi, ndipo mu 1949 Clifford Shull anazionadi mu MnO pogwiritsa ntchito ma neutron. Nde lamulo lomwe tonse timatuluka nalo mkalasi ndi loti maginito ukawaziziritsa amasankha ndondomeko nkukhala phee. Quantum spin liquid ndi chinthu chomwe chimakana lamulo limenelo mpaka pa 0 K penipeni, kuzizira kotsiriza komwe kungatheke. Si zamadzimadzi ayi, ndi crystal youma gwa, ma atomu ali m'malo mwawo, omwe sakukhazikika ndi ma spin okha.

Chomwe chimayambitsa zonsezi ndi thirayango. Ine ndinazimvetsa bwino nditatola zitsekerero zitatu za mabotolo a Fanta pa chiwaya cha tchipisi ku Chikanda komwe ndinkachita lendi, nkuziika pa tebulo ngati thirayango, chitsekerero chogada ndi spin ya mmwamba, chovundikira ndi ya pansi. Lamulo ndi loti chilichonse chisiyane ndi anzake awiri. Choyamba chigadike, chachiwiri chivundikire, bhobho. Chachitatu nde vuto, mukachigadika chafanana ndi choyamba, mukachivundikira chafanana ndi chachiwiri, mutembenuze mpaka mawa mbali imodzi ya thirayango ikhalabe yosakondwa. Zili ngati anyamata atatu pa khonde aliyense akufuna kutsutsana ndi anzake onse awiri za mpira koma matimu alipo awiri okha, Bullets ndi Noma, awiri agwera timu imodzi basi afune asafune. Kumeneko nde kumatchedwa frustration. Mukawerenga, njira zoikira zitsekerero zitatu zilipo 8, ziwiri ndi zoipitsitsa pomwe zonse zafanana, ndipo 6 zotsalazo nzofanana ubwino wake, palibe yoposa inzake. Tsono ganizani mathirayango mamiliyoni olumikizana. Gregory Wannier anawerengera zimenezi mu 1950 nkupeza kuti ma spin oloza mmwamba kapena pansi okha pa lattice ya mathirayango, ukonde wa mathirayango olumikizanawo, sapanga ndondomeko olo pa 0 K, njira zabwino zimangochuluka zedi moti entropy, muyeso wa kuchuluka kwa njirazo, imatsala, pafupifupi 0.323 kB pa spin iliyonse (kB ndi nambala ya Boltzmann).

Apa mpomwe anthu ambiri amaimira nkumaganiza kuti amaliza, koma zitsekererozo sizinafike pa quantum. Zija za Wannier ndi zoti njira nzambiri ndipo chinthucho chili mu imodzi mwa izo. Za quantum ndi zina. Ma spin awiri a 1/2 atha kupanga singlet, pomwe simunganene kuti iyi yaloza mmwamba iyo pansi, mungonena kuti awiriwa ndi osemphana basi ndipo spin yawo pamodzi ndi 0. Tikati J ndi mphamvu yokokerana ma spin awiriwo, energy ya singlet ndi -3/4 J pomwe ya triplet, ya ma spin awiri omwe spin yawo pamodzi ndi 1, ndi +1/4 J, nde singlet ndi yotsika kwambiri kuposa kungoika imodzi mmwamba ina pansi komwe kumangokupatsani -1/4 J. Philip Anderson mu 1973 anati bwanji ma spin onse atapanga ma singlet awiriawiri, koma osati mwa njira imodzi, ikhale superposition ya njira zonse zophatikizira awiriawiriwo nthawi imodzi. Anaitcha resonating valence bond. Chifanifani chake mu fizikisi ndi helium, yomwe siuma kukhala yolimba olo muiziziritse bwanji pa presha wamba chifukwa cha kugwedezeka kwa quantum komwe sikutha.

Chondisangalatsa ine mpaka pano nchoti Anderson, munthu amene anadzalandira Nobel mu 1977, pa thirayango peniyeniyo sanalondole. Anthu atawerengera bwino patapita zaka anapeza kuti ma spin a 1/2 pa lattice ya mathirayango amapeza njira yogwirizanirana, amapendekera aliyense madigiri 120 kuchokera kwa mnzake nkupanga ndondomeko ndithu. Ganizo lakelo linapulumuka chifukwa mu 1987 analibweretsanso pofuna kulongosola ma superconductor a kopa omwe anali atangopezeka kumene, nde anthu anayamba kulisakasaka m'ma lattice ena.

Mutu woyamba womwe ndinapita nawo kwa supavayiza wanga unali waukulu ngati wa munthu wa PhD, zofufuza spin liquid mu zinthu za kagome (lattice ya mathirayango ogundana pa makona okha) zakuti zakuti. A dokotala anangouyang'ana nkundifunsa kuti, "Iwe, ma neutron uli nawo kwanu?" Kenako anatenga cholembera nkudula theka la mutuwo, nkunena kuti ndikawerengere pamanja thirayango imodzi ya Heisenberg (ya ma spin a quantum otha kuloza mbali iliyonse) ndibwere nayo sabata ya mawa, za kagome tidzakamba ndikakhoza zimenezo. Ndinatuluka muofesimo nditakwinya nkhope koma malangizo amenewo ndi omwe ndikupatsani inunso. Ma spin atatu ndi matrix ya 8 kwa 8, imatheka pa pepala, makamaka mukazindikira kuti Hamiltonian H, masamu a energy ya ma spin onsewo, mutha kuilemba ndi spin yonse pamodzi. Mupeza ma state anayi pa -3/4 J ndi anayi pa +3/4 J. Taonani nambala yapansiyo, ndi yomweija ya singlet imodzi, kutanthauza kuti mu thirayango awiri apanga singlet wachitatu wangotsala yekha osapindula kanthu. Mukaiona ndi maso anu pa pepala lanu, mapepala a akatswiri aja amayamba kumveka.

Tsopano za laputopu, apa nde ndikhalitsepo chifukwa mpomwe pulojekiti imafera kapena kupulumukira. Njira yake imatchedwa exact diagonalization, mumalemba Hamiltonian yonse ngati matrix nkupeza eigenvalue yotsikitsitsa, yomwe ndi energy yapansi zedi. Vuto ndi loti ma spin N ali ndi ma state 2 kuchulukitsa yokha ka N. Ma spin 12 ndi 4,096, matrix yake yodzadza ndi cha m'ma 134 MB, laputopu iliyonse ikwanitsa. Ma spin 16 ndi 65,536, ndipo matrix yodzadza ikufuna cha m'ma 34 GB. Yanga inali ya 4GB yogula kwa munthu, batire yake yongokhala mphindi zochepa, nde pamenepo fani inkangolira mausi osayenda mpaka kuithimitsa pa batani. Ma spin 20 apyola miliyoni, 24 apyola 16 miliyoni. Anthu a makompyuta akuluakulu akunja amavutika kale akafika m'ma 40 chakuti, nde musadzimvere chisoni.

Zinthu ziwiri zinandipulumutsa. Choyamba, Hamiltonian ya Heisenberg sisintha chiwerengero cha ma spin a mmwamba ndi a pansi, nde mutha kungotenga ma state omwe theka ali mmwamba theka pansi. Pa ma spin 16 mwatsika kuchoka 65,536 kufika 12,870, pa 18 muli ndi 48,620, pa 24 muli ndi 2,704,156. Chachiwiri, matrix imeneyi pafupifupi yonse ndi maziro, nde musasunge maziro, gwiritsani sparse matrix ya mu SciPy ndi eigsh yomwe imayendera njira ya mtundu wa Lanczos nkukupatsani ma eigenvalue ochepa apansi okha. State iliyonse muisunge ngati nambala wamba, ma bit ake nde ma spin, 1 mmwamba 0 pansi, kutembenuza ma spin awiri ndi XOR basi. Pulogalamu yonse ya Python sinadzadze masamba awiri. Ine ndinaimira pa 18, ya 24 ndinaisiya chifukwa kungomanga matrix yokha ndi ma loop a Python kunkatenga nthawi yoti magetsi azima kaye isanathe.

Musathamangire kagome pulogalamu yanu musanaiyese pa zinthu zomwe yankho lake likudziwika kale, apo bii mudzapita ku difensi ndi manambala abodza osadziwa. Ine ndinayesera pa tcheni cha ma spin chomwe chili ndi J1 pakati pa oyandikana ndi J2 pakati pa odumpha mmodzi. Majumdar ndi Ghosh anaonetsa mu 1969 kuti J2 ikakhala theka la J1, ground state, state ya energy yotsikitsitsa, imadziwika ndendende, ma spin amangopanga ma singlet awiriawiri motsatana ndipo energy pa spin iliyonse ndi -0.375 J1. Tcheni chotseka ngati mkombero cha ma spin 8, 12, 16, chonse chiyenera kutulutsa -0.375 yemweyo osasintha. Itatuluka nambala imeneyo pa sikirini usiku wina ndinakuwa moti amayi a nyumba anagogoda kufunsa ngati kwalowa wakuba kkkk. Koma onetsetsani, imeneyo si spin liquid. Ma singlet ake akhazikika malo amodzi, apanga ndondomeko yawoyawo, dzina lake valence bond solid. Kusiyana kwa ma singlet okhazikika ndi ma singlet a superposition ndi theka la pulojekiti yonse, ndipo ku difensi adzakufunsani. Yeso lachiwiri ndi lattice ya masikweya 4 kwa 4 yolumikiza m'mphepete, iyenera kukupatsani pafupifupi -0.7018 J pa spin iliyonse.

Kagome ndi mathirayango ogundana pa makona okha, pakati pamatsala mabowo a makona 6, dzinalo linachokera ku kalukidwe ka madengu ansungwi a ku Japan. Spin iliyonse ili ndi oyandikana nawo anayi okha pomwe pa lattice ya mathirayango wamba ali 6, nde ndi yomasuka kwambiri, kupendekera kwa madigiri 120 kuja kumatheka mwa njira zosawerengeka. Chomwe ndinachita ndi kuwerengera mmene spin imodzi ikugwirizanirana ndi ina mtunda ukamakula, pa sikweya ndi pa kagome, nkuika magirafu awiriwo pambalipambali. Pa sikweya mumaona pulasi mayinasi pulasi mayinasi mpaka kumapeto kwa kachidutswako, spin yakutali ikudziwabe zomwe yoyamba ikuchita. Pa kagome mukangodutsa oyandikana nawo manambala amagwa msangamsanga kuyandikira ziro. Chinanso chomwe chimaoneka ndi ma singlet angapo othithikana pansi pa triplet yoyamba, zomwe pa sikweya kulibe.

Nde apa pali msampha. Girafu imeneyo ndi yokongola ndipo mtima umafuna kulemba kuti ndapeza spin liquid. Musalembe. Ma spin 18 ndi kachidutswa kakang'ono kwambiri, mukayenda masitepe awiri atatu mwazungulira kale mwabwerera pomwe munayambira. Akatswiri eni ake mpaka lero sanamvane kuti ground state ya kagome ndi ya mtundu wanji. Mu 2011 Yan, Huse ndi White ndi njira ya pakompyuta yotchedwa DMRG anapeza zoonetsa kuti ndi spin liquid yokhala ndi gap, mpata wa energy pakati pa ground state ndi state yotsatira, kenako magulu ena, ena ndi DMRG yomweyo, akupeza zoonetsa kuti gap palibe, ndi ya mtundu wa Dirac. Ndipo Monte Carlo ya quantum yomwe imathandiza pa sikweya, pa kagome imagwa ndi vuto la masamu lotchedwa sign problem. Ine ndinalemba kuti zotsatira zanga zikugwirizana ndi kusowa kwa ndondomeko ya Néel pa tizidutswa tating'ono, basi, ndipo a dokotala pamenepo sanadulepo kanthu.

Chaputala cha zinthu zenizeni za mu labu ndi chomwe ndinachikonda kulemba, ngakhale zonse ndi zowerenga. Chotchuka ndi herbertsmithite, ZnCu3(OH)6Cl2, mwala wobiriwira womwe unapezeka ku Chile, ma ayoni a kopa ake a spin 1/2 anayalana pa kagome. Gulu la Daniel Nocera ku MIT linaupanga mu labu mu 2005. Mphamvu yokokerana ma spin ake ndi ya cha m'ma 170 K kupita mtsogolo, nde mwa lamulo lija unayenera kukhazikika kalekale, koma anauziziritsa mpaka 0.05 K osaona ndondomeko. Kuti mumve kukula kwa nkhaniyi, ku Chawe kukazizira mu Juni kufika 7 digiri ife nkumanjenjemera, imeneyo ndi 280 K. Pali kanambala komwe Arthur Ramirez anakatchukitsa, mumagawa Curie-Weiss temperature, muyeso wa mphamvu yokokerana ma spin, ndi temperature yomwe chinthucho chapangira ndondomeko, ikapyola 10 nde frustration ndi yaikulu. Ya herbertsmithite imapita m'masauzande.

Koma kusaona ndondomeko si umboni, chifukwa crystal yosokonekera nayonso siionetsa ndondomeko. Umboni wabwinoko unabwera mu 2012 pomwe gulu la Young Lee linakwanitsa kukuza crystal yaikulu nkuiomba ndi ma neutron. Mu maginito wamba neutron ikatembenuza spin imapanga magnon imodzi ya spin 1, ndipo pa girafu mumaona mzere wakuthwa. Mu spin liquid spin 1 ija imagawika kukhala ma spinon awiri a spin 1/2 opanda chaji, aliyense nkuyenda njira yake, amagawana energy mwa njira zambirimbiri nde mmalo mwa mzere mumaona chimtambo chofalikira. Chimtambo chimenecho nde anachiona. Olo choncho mkangano ulipobe poti kopa wina amakalowa m'malo a zinki, cha m'ma 15 peresenti, ndipo ma spin osokerawo amasokoneza zoyeza za pa temperature yotsika.

Ndikulangizeni kuti pepala lililonse lomwe lalengeza spin liquid yatsopano, musakenso mapepala omwe anatuluka pambuyo pake. YbMgGaO4 inatchuka kwambiri cha m'ma 2016, kenako zinaoneka kuti Mg ndi Ga amasakanikirana malo mwachisawawa ndipo ena anapezamo spin glass, ma spin okhazikika moloza mwachisawawa. Mchere wina wa organic, κ-(BEDT-TTF)2Cu2(CN)3, womwe gulu la Kanoda ku Japan linauyeza ndi NMR mu 2003 osaona ndondomeko mpaka 32 mK, unakhala chitsanzo chapamwamba zaka zambiri, koma mu 2021 kuyeza kwina kunaonetsa gap yotseguka cha pa 6 K, zomwe zikuloza ku ma singlet okhazikika aja. α-RuCl3 nayo imapanga ndondomeko ya zigizagi cha pa 7 K, imafunika maginito amphamvu a 7 kapena 8 tesla kuti ndondomekoyo ichoke, ndipo thermal Hall effect ya theka yomwe inalengezedwa mu 2018 ngati chizindikiro cha spin liquid magulu ena aipeza ena sakuipeza. Ine ndimaona kuti chaputala chonena mikangano imeneyi mosabisa chimapatsa malikisi kuposa chongotamanda.

Za moyo wa tsiku ndi tsiku mwachangu. Mapepala ambiri a nkhaniyi ali ulele pa arXiv gawo la cond-mat, muziwadawunilodela pa netiweki ya pasukulu masana osati pa bandulo yanu. Yambani ndi ndemanga ya Leon Balents ya mu Nature ya 2010, ndi yaifupi ndipo theka loyamba limamveka kwa munthu wa chaka chachinayi. Pulogalamu yanu izisunga matrix pa disiki ikangomaliza kuimanga, kuti magetsi akazima muyambire pamenepo, ndipo kope ina izikhala pa fulashi kapena pa imelo. Lembani m'kabuku mmene mwapatsira manambala ma site a kagome ndi ma bond ake onse, muwawerenge, ayenera kukhala kawiri chiwerengero cha ma spin, 24 pa ma spin 12 ndi 36 pa ma spin 18. Bond imodzi ikasowa pulogalamu siidandaula, imangotulutsa nambala ina mwaulemu.

Ku difensi funso lomwe linabwera koyamba ndi lomwenso amalume anga anandifunsa kumudzi, kuti nanga zimenezi ntchito yake nchani. Musaname kuti zithetsa vuto la magetsi. Yankho loona ndi loti mitundu ina ya spin liquid ili ndi topological order, uthenga wa quantum umasungika mu dongosolo lonse osati pa spin imodzi nde susokonezeka msanga, ndipo nchifukwa chake anthu opanga ma quantum kompyuta amaitsata. Mu 2021 gulu la Mikhail Lukin ku Harvard linayala ma atomu a rubidium 219 ndi ma laser nkuona zizindikiro za state yotereyi, osati mu mwala koma mu chinthu chochita kupanga. Ndinaonjezera kuti ineyo ndatulukamo ndikudziwa linear algebra ndi Python zenizeni, mmodzi wa mapanelo anaseka nkunena kuti yankho lachiwirilo nde alikhulupirira.

Amene mukufuna kupitiliza pomwe ine ndinasiyira, musalimbane ndi kagome ya 24, tengani model ya Alexei Kitaev ya 2006. Ili pa lattice yooneka ngati chisa cha njuchi, spin iliyonse ili ndi oyandikana nawo atatu, ndipo bond iliyonse imakoka mbali yakeyake, ina x ina y ina z, nde frustration yake ikuchokera pamenepo osati pa thirayango. Ubwino wake imasoveka ndendende, spin imagawika kukhala ma Majorana fermion ndipo kumapeto mumatsala ndi ka matrix ka 2 kwa 2 pa k iliyonse, RAM siikhalanso nkhani. Mutha kujambula energy yake nkuona nokha gap ikutsekeka pomwe Jz, mphamvu ya bond za z, yatsika kufika pa Jx kuphatikiza Jy, ndipo apo nde mutha kulemba mawu oti spin liquid mu mutu wa pulojekiti popanda a dokotala kutenga cholembera.